Trust ya banja ku England inalembedwa kuti siingabwezedwe: kodi kagawidwe kake kangasinthe?

Mwana Wachiwiri analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa malamulo a trust a ku England. Bambo athu anakhazikitsa trust (chuma choikidwa m'manja mwa oyang'anira otchedwa matrustee kuti achisungire ena) mu 2012, ndipo chikalata chake chimanena kuti ndi irrevocable, kutanthauza kuti siingabwezedwe. Muli nyumba imodzi ya lendi ku Leicester ndi ndalama zina zimene zili m'masheya. Phindu lake timagawana ife ana atatu mofanana moyo wathu wonse, ndipo wina wa ife akamwalira, gawo lake la mpamba lidzapita kwa ana ake akakwanitsa zaka 25. Adzukulu alipo asanu, awiri anapitirira zaka 18, atatu akadali ana. Matrustee ndi awiri: achimwene athu aakulu ndi mnzawo wa bambo.

Bambo ali moyo ndipo akufuna kusintha zinthu zitatu. Achemwali athu anabwerera ku Zomba amuna awo atamwalira, ndiye akufuna kuti azilandira zambiri kuposa ife, komanso atapiridweko mu mpamba ndalama yomangira nyumba. Akufunanso kuti adzukulu adikire mpaka zaka 30. Chomaliza, akufuna kulowetsamo mwana wa mlongo wawo amene anamulera kuyambira ali wamng'ono. Iwo akuti poti chumacho anachikhetsera thukuta okha, angolemba kalata n'kusaina, basi. Zimatheka?

Kalaliki wa Maloya anayankha:

M'bale wanga, kalata ya bamboyo ngakhale isainidwe pamaso pa mboni khumi siisuntha kanthu. Tsiku limene nyumba ndi masheya zinalembedwa m'dzina la matrustee, chumacho chinachoka m'manja mwawo. Madzi akatayika sawoleka. Komabe mawu akuti irrevocable amamanga amene anakhazikitsa trust kuti asaibweze yekha. Sakutanthauza kuti palibe wina angaisinthe. Poyambira ndi chikalata chenichenicho, ndipo muchiwerenge chonse pamodzi ndi ma schedule a kumapeto, chifukwa mphamvu zambiri zimabisala kumeneko.

Fufuzani ngati muli power of appointment, imene imalola matrustee kugawanso chuma pakati pa anthu otchulidwa kale. Fufuzaninso ngati muli mphamvu yopereka mpamba kwa munthu amene amadya phindu, ndi mphamvu yowonjezera dzina la wopindula watsopano. Mukapeza iliyonse, onani zinthu izi: ili m'manja mwa ndani, ikufuna chilolezo cha bambo kapena cha munthu wina, ndipo ikunena kuti igwiritsidwe ntchito by deed kapena ayi. Ikati by deed, kalata wamba kapena imelo sizigwira. Deed imasainidwa pamaso pa mboni imene ili m'chipinda momwemo, mboniyo n'kusainanso. Matrustee a trust ya banja amagamula onse pamodzi, palibe za mavoti, ndiye mmodzi akakana nkhani yathera pomwepo. Onaninso ngati chikalata chikulola trustee amene ndi wopindulanso kugamula nkhani yomukhudza, chifukwa achimwene anuwo avala zipewa ziwiri.

Mmene mwafotokozeramu, inu atatu mumamwa mkaka koma ng'ombe ndi ya adzukulu. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka ndi ndime 32 ya Trustee Act 1925, imene imalola matrustee kupereka mpamba nthawi isanakwane. Ndimeyi imathandiza okhawo amene akuyembekezera mpamba, ndiye singagwiritsidwe ntchito kumangira achemwali nyumba yawoyawo. Ingathandize ana awo, mwachitsanzo pa fizi ya kuyunivesite, ndipo achemwaliwo ayenera kuvomereza polemba popeza mkaka wawo uchepa. Trust yanu ndi ya 2012, choncho malire ake ndi theka la gawo limene mdzukulu akuyembekezera, pokhapokha chikalata chitawakuza. Lamulo lolola gawo lonse limakhudza ma trust opangidwa kuyambira pa 1 October 2014. Zimene mdzukulu walandira msanga zimadzachotsedwa pa gawo lake tsiku logawa.

Ndime yomweyi ili ndi ntchito ina imene ambiri saidziwa. Mlandu wa Pilkington v IRC, umene unagamulidwa m'ma 1960 ku House of Lords, khothi lalikulu kwambiri la ku UK nthawi imeneyo, unavomereza kuti mpamba ukhoza kusamutsidwira mu trust yatsopano ya mwana yemweyo ngati zili zomupindulira. Maloya amadzera pamenepa pofuna kuchedwetsa zaka zolandirira. Koma chifukwa chake chikhale cha mwanayo payekha, cholembedwa m'maminitsi a matrustee, osati chongoti agogo afuna.

Za mwana wa mlongo ndiye zovuta kwambiri. Kwathu mwana wa mlongo ndi mwana wa m'nyumba, koma chikalata chikati "adzukulu anga" kapena "ana a ana anga", iye mulibemo. Ngati mulibe mphamvu yowonjezera dzina, musayese njira yokhota yopatsa mdzukulu wamkulu ndalama mutagwirizana kale kuti iye akazipereke kwa mwana wa mlongoyo. Maloya amaitcha fraud on a power. Palibe amene akunenedwa kuti ndi wakuba, koma mphamvu yagwiritsidwa ntchito pa cholinga chimene sinaperekedwere. Zoperekazo zimakhala zopanda mphamvu ndipo matrustee akhoza kubweza kuchokera m'thumba mwawo. Njira yoyera ndi yakuti bambo amulembe mu wilo yawo pa chuma chimene chikadali chawo.

Mawu amodzi kwa mnzawo wa bamboyo: asamangosaina chifukwa cha ulemu. Pa mlandu wa Turner v Turner m'ma 1980, matrustee ankasaina chilichonse chimene mwini trust anawayalira pa tebulo osachiganizira, ndipo khothi linafafaniza zonsezo.

Mayi a Chilungamo anayankha:

A Kalaliki alongosola bwino za chikalata. Ine ndionjezere za pamene chikalatacho chili chete.

Lamulo lakale la Saunders v Vautier, la mu 1841, limati opindula onse akakhala akuluakulu, amutu wabwino, ndipo onse pamodzi ndiwo eni a chuma chonse, akhoza kuthetsa trust kapena kuigawa mwina, kaya woikhazikitsa afune kaya asafune. Pa mlanduwo mnyamata anasiyiridwa masheya a East India Company kuti adzalandire ali ndi zaka 25, iye n'kuwatenga ali ndi 21. Kwa inu khomo limeneli ndi lotseka. Adzukulu atatu sanafike zaka 18, ndipo makolo awo sangawasainire pa nkhani yochepetsa gawo lawo. Komanso mndandanda wa adzukulu sunatsekedwe, ena akhoza kubadwa, ndipo mwana wosabadwa nayenso ali ndi gawo limene lamulo limaliteteza.

N'chifukwa chake pali Variation of Trusts Act 1958. Lamuloli linabwera House of Lords itanena pa mlandu wa Chapman v Chapman mu 1954 kuti makhothi alibe mphamvu yongosintha magawo a trust. Mumvetse chimene limachita: woweruza amavomera m'malo mwa ana aang'ono, osabadwa, ndi ena amene sangadziyankhulire. Savomera m'malo mwa wamkulu amene akukana. Mdzukulu wa zaka 19 akati sindidikira mpaka 30, palibe jaji angamukakamize. Onaninso ndime ya kumapeto imene imanena kumene chuma chidzapite ngati adzukulu onse atamwalira asanafike zaka 25. Ngati yatchula abale ena akuluakulu, nawonso ayenera kusaina ngakhale mwayi wawo uli wochepa ngati kambewu ka mpiru. Pa Knocker v Youle mu 1986 pempho linagwa pa chifukwa chomwechi.

Muyeso wa woweruza ndi umodzi: kodi ana ndi osabadwawo akupindula? Zofuna za bambo zimamvedwa, ndipo malamulo a khothi amafuna kuti iwo alowetsedwe pa mlanduwo poti ali moyo, koma sizilamulira. Pa Goulding v James m'ma 1990 Court of Appeal inavomereza kusintha kumene kunkatsutsana ndi zofuna za mayi amene analemba wilo. Ndiye ganizirani pempho lililonse ndi diso limenelo.

Kutapa mpamba kuti achemwali amange nyumba kukuchepetsa ng'ombe ya adzukulu, choncho pafunika chobwezera. Kachitidwe kodziwika ndi kugawana kumene amati partition. Katswiri wowerengera zaka za moyo, actuary, amayerekeza mtengo wa ufulu wa achemwali wodya phindu moyo wawo wonse, potengera zaka zawo ndi phindu la pachaka. Iwo amatenga mpamba wofanana ndi mtengowo n'kusiya kudya phindu pa gawolo, zotsala n'kukhala za ana awo kuyambira pano. Kawirikawiri amawonjezerako pang'ono ku mbali ya ana kuti phindu lawo lionekere poyera, ndipo nthawi zina amagula inshulansi yoteteza anawo ngati mayi awo atamwalira msanga. Dziwani kuti izi zikukhudza gawo limodzi mwa atatu la achemwaliwo basi. Mukafuna kutapanso m'magawo a inu awiri, ana anu ndiwo akuluza, ndipo n'kovuta kuonetsa woweruza phindu lawo.

Kukweza zaka kuchoka pa 25 kufika pa 30 kunavomerezedwapo. Pa Re Holt's Settlement m'ma 1960 khothi linalola kuchoka pa 21 kufika pa 30, koma mayi wa anawo anasiya theka la phindu lake kuti liziunjikana m'thumba la ana. Mukangopita ndi mawu oti achinyamata a masiku ano amawononga ndalama, mubwerako chimanjamanja. Phindu silikhala la ndalama lokha ayi, woweruza amaonanso maphunziro ndi khalidwe la ana, ndipo n'chifukwa chake Lord Denning anakana kuti trust ya banja la Weston isamukire ku Jersey pongothawa msonkho.

Kayendetsedwe kake nkotere. Loya amalemba chikalata cha makonzedwe atsopano. Akuluakulu onse amavomereza polemba, ndipo ndi bwino aliyense amene akutaya kanthu akhale ndi loya wakewake kuti mawa asadzanene kuti anaumirizidwa ndi bambo. Pempho limapita ku High Court, mbali ya Chancery, pa fomu ya Part 8, ndipo amene amalipereka nthawi zambiri ndi wopindula kapena woyambitsa trust, osati matrustee, chifukwa iwo ndi amene amayang'anira zofuna za osabadwa. Mwana aliyense amakhala ndi womuimira wotchedwa litigation friend, amene zofuna zake sizikuwombana ndi za mwanayo, ndiye kholo limene likupindula ndi kusinthaku silingakhale. Pamafunikanso maganizo olembedwa a barrister (loya wa kukhothi) wa anawo, onena chifukwa chake makonzedwewa ali owakomera. Ndi ntchito ya miyezi, ya maloya angapo, ndipo ndalama zake kawirikawiri zimachoka mu trust momwemo. Werengerani kaye ngati nyumba ya ku Zombayo siichepa mtengo poyerekeza ndi ulendo wa kukhothiwo.

Za phindu la mwezi ndi mwezi n'zosavuta. Inu ndi achimwene ndinu akuluakulu, gawo lanu la phindu ndi lanu, mukhoza kulisamutsira kwa achemwali polemba, monga ikufunira ndime 53 ya Law of Property Act 1925. Koma musanagwire cholembera, bwererani ku chikalata muone ngati pali mawu akuti protective trusts pafupi ndi pamene akunena za phindu lanu.

Mwana Wachiwiri analemba:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndachiwerenga usiku wathawu. Power of appointment mulibe, mphamvu yowonjezera dzina mulibenso. Ndime 32 anaikuza kuti ifike gawo lonse. Koma mawu mwanenawo alimo, akuti phindu la mwana aliyense lisungidwe on protective trusts. Ndi zabwino kapena zoipa?

Mayi a Chilungamo anayankha:

Mwachita bwino kufunsa musanasaine. Mawu amenewo akukoka ndime 33 ya Trustee Act 1925. Cholinga chake n'kuteteza phindu lanu kwa angongole, ndipo imagwira ntchito ngati msampha: mukangoyesa kugulitsa, kupinyolitsa kapena kusamutsa ufulu wanu wa phindu, kapenanso mukagwa bankrupt (khothi likagamula kuti mwalephera kubweza ngongole), ufuluwo umatha nthawi yomweyo. M'malo mwake pamabadwa discretionary trust ya inu, akunyumba kwanu ndi ana anu, matrustee n'kumasankha wolandira. Achemwali sapeza kanthu, inunso mwataya chimene chinali chanu.

Ndiye chitani chapafupi. Landirani phindu lanu mu akaunti yanu monga mwa masiku onse, likalowa muzitumiza ku Zomba ngati mphatso. Ngakhale kalata youza matrustee kuti phindu la m'tsogolo azilipereka kwa achemwali mwachindunji, muionetse loya isanatuluke m'nyumba. Partition nayo tsopano ikufuna khothi ngakhale pakanapanda ana aang'ono, chifukwa achemwali sangasiye ufulu wawo popanda kuponda msamphawo. Chokoma n'chakuti lamulo la 1958 limalola woweruza kuvomera m'malo mwa amene akanadzapindula msamphawo utafwamphuka, ndipo kwa iwowa safuna umboni wa phindu.

Wa ku Joni anayankha:

Chenjezo kwa amene mukufufuza nkhaniyi pa intaneti: zambiri zimene mupeze ndi za ku America. Mukaona mawu akuti decanting, kutsanulira chuma mu trust yatsopano, ndi malamulo a maboma a kumeneko, New York ndi imene inayamba mu 1992. Kumenekonso kuli lamulo la Claflin la mu 1889, loti opindula sangathetse trust ngati cholinga chachikulu cha woikhazikitsa chisanakwaniritsidwe, zimene zikusemphana ndi Saunders v Vautier. Musatengere mafomu awo.

Kwa a ku South Africa amene mukuwerenga, kumeneko trust yopangidwa munthu ali moyo imatengedwa ngati pangano. Woyambitsa ndi matrustee akhoza kusintha chikalata opindula asanavomere kulandira, koma akavomera, chilolezo chawo chimafunika, monga Supreme Court of Appeal inanenera pa Potgieter v Potgieter mu 2011. Khothi lili ndi mphamvu yake pa ndime 13 ya Trust Property Control Act 57 ya 1988, ndipo chikalata chosinthidwa chimakatulidwa kwa Master of the High Court. Chimene chimalamulira ndi lamulo limene chikalata chinasankha, osati kumene opindula akukhala. Achemwali kukhala ku Zomba sikusandutsa trust ya ku Leicester kukhala ya ku Malawi.

Wowerengera Misonkho anayankha:

Musanapite kwa loya wa trust, kapena tsiku lomwelo, khalani pansi ndi wodziwa misonkho, chifukwa makonzedwe abwino pa pepala amatha kudyedwa ndi HMRC, bungwe lotolera misonkho ku UK.

Trust yopangidwa munthu ali moyo kuyambira pa 22 March 2006 imagwa m'gulu la relevant property pa inheritance tax (msonkho wa chuma cha masiye), ngakhale ana akudya phindu moyo wawo wonse. Zikutanthauza msonkho pa zaka 10 zilizonse, wosapitirira 6 peresenti, pa chuma choposa £325,000, ndi msonkho wina wotulukira mpamba ukamachoka mu trust. Tiyerekeze kuti mu 2022 chumacho chinali £525,000, bambo sanapereke mphatso zina zamsonkho m'zaka 7 trust isanapangidwe, ndipo palibe mpamba unatulukapo. Chopitirira ndi £200,000, msonkho wake £12,000, umene ndi pafupifupi 2.29 peresenti ya chuma chonse. Msonkho wotulukira umatenga peresenti imeneyo n'kuichepetsa molingana ndi nthawi: zaka 10 amazidula m'zigawo 40 za miyezi itatuitatu, n'kuwerenga zigawo zathunthu zimene zadutsa. Pakadutsa zigawo 14, ndiye 2.29 kuchulukitsa ndi 14 kugawa ndi 40, pafupifupi 0.8 peresenti. Achemwali akatenga £60,000, msonkho ndi pafupifupi £480. Umenewu si woopsa. Umanenedwa pa mafomu a IHT100 ndipo umalipidwa pasanathe miyezi 6 kuchokera kumapeto kwa mwezi umene mpamba watuluka.

Woluma ndi capital gains tax, msonkho wa pa kukwera kwa mtengo wa katundu. Munthu akakhala mwini weniweni wa katundu wochoka mu trust, lamulo limatenga ngati matrustee agulitsa katunduyo pa mtengo wa pamsika, ngakhale palibe ndalama yalowa. Nthawi zambiri msonkhowu umakankhidwira m'tsogolo ndi hold-over relief, pa fomu ya HS295, koma pa masheya mwayi umenewu sugwira ngati wolandira sakhala ku UK. Achemwali ali ku Zomba, ndiye masheya akasamutsidwira m'dzina lawo, matrustee alipira pa kukwera konse kwa mtengo kuyambira pamene anawatenga. Kuyambira pa 30 October 2024 matrustee amalipira 24 peresenti, ndipo gawo losakhomedwa msonkho ndi £1,500 yokha pachaka. Choncho sankhani bwino chotuluka: ndalama imene ili kale ku banki ilibe msonkhowu, ndipo masheya amene sanakwere kwambiri ndiwo oyamba kugulitsidwa. Nyumba ya ku Leicester muisiye pomaliza. Ikagulitsidwa, lipoti ndi msonkho wake zimafunika pasanathe masiku 60 kuchokera tsiku lomaliza malonda, ndipo ndalama zogulitsira malo ziyenera kulandiridwa ndi matrustee osachepera awiri.

Palinso chifukwa cha msonkho chopewera msampha umene anena Mayi a Chilungamo. Pano matrustee amalipira msonkho wa mlingo wapansi pa phindu lanu. Ikasanduka discretionary, mlingo umakwera. Mu chaka cha msonkho cha 2024/25 unali 45 peresenti pa lendi ndi 39.35 peresenti pa madividendi (phindu la masheya). Wolandira akhoza kubwezeredwako pogwiritsa ntchito fomu ya R185, koma kwa munthu wokhala kunja imeneyo ndi nkhani yaitali. Mphatso zimene inu ndi achimwene muzitumiza ku Zomba muzizilemba, tsiku ndi kuchuluka kwake, chifukwa mphatso zopita nthawi ndi nthawi kuchokera pa ndalama zotsala za phindu sizilowa mu inheritance tax yanu ngati pali umboni kuti sizinakuchepetsereni kakhalidwe kanu. Ndipo makonzedwe alionse atsopano asabweze kalikonse kwa bambo, ngakhale chipinda chimodzi m'nyumba ya lendiyo, apo ayi chumacho chiwerengedwanso ngati chawo tsiku lomwalira.

Wina akhoza kukuuzani za deed of variation ya zaka ziwiri. Imeneyo ndi ya chuma cha masiye, yosintha wilo pasanathe zaka ziwiri munthu atamwalira, ndipo siikhudza trust yanu. Kusintha kulikonse kwa opindula kapena matrustee kulembetsedwe ku Trust Registration Service pasanathe masiku 90. Ndipo funsani achimwene anu lero lomwe ngati msonkho wa zaka 10 unawerengedwa mu 2022. Matrustee a pabanja amauiwala kawirikawiri, chiwongoladzanja chimayenda kuyambira tsiku limene unayenera kulipidwa, ndipo simungawerengere msonkho wotulukira wa achemwali popanda mtengo wa nyumba ndi masheya wa tsiku limenelo.